Galu akaluma munthu, mwini wake amalipira liti?

Munthu amene walumidwa ndi galu wa mnzake ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo la milandu kuti apatsidwe chipukuta misozi, koma bala lokha silikwanira kuti mlandu umukomere.

Pa milandu yotere makhoti a m'dziko muno amatsatira mfundo za malamulo a ku England zomwe zinayamba kugwira ntchito kuno m'chaka cha 1902. Malingana ndi mfundozi, galu ndi chiweto chozolowera anthu, kusiyana ndi mkango kapena kambuku. Choncho wodandaula amayenera kuonetsa kuti mwini galuyo ankadziwa kale kuti galu wake ndi wolusa. Sikuti galuyo achite kukhala kuti analumapo munthu wina. Umboni woti anathamangitsapo ana kapena anafunapo kuluma odutsa, mwini wake n'kuuzidwa, ukhoza kukwanira. Apa mpomwe madandaulo amene anthu oyandikana nawo anakatula kwa mfumu kapena kupolisi amagwira ntchito, ngakhale kuti ambiri amangong'ung'udza osakanena kulikonse.

Njira ina ndi kuonetsa kuti mwini galu analekerera, monga kusiya chipata chosatseka kapena kumasula galu masana pamalo podutsa anthu. Ngati wolekererayo ndi mlonda kapena wantchito amene anali pantchito, bwana wake ndiye amasenza mlanduwo. Malamulo a milandu ya upandu nawo amati ndi kulakwa kulephera kusamala nyama yomwe uli nayo mpaka kuika moyo wa ena pachiswe, kotero apolisi akhoza kutsegula mlandu wawo padera.

Mwini galu amaloledwa kudziteteza. Yemwe anaputa galu pomugenda, kapena kulowa mumpanda wa eni popanda chilolezo, akhoza kulandira zochepa mwinanso osalandira kanthu.

Powerengera chipukuta misozi, khoti limaona ululu womwe munthu wamva, zipsera, kulumala ndiponso ntchito zomwe sangathenso kugwira. Ndalama za kuchipatala, za mayendedwe ndi malipiro omwe ataya zimabwezedwa pokhapokha pali umboni wake. N'chifukwa chake malisiti, buku la kuchipatala ndi lipoti la dokotala siziyenera kutayidwa. Mlandu wa kuvulazidwa uyenera kukafika kukhoti zaka zitatu zisanathe. Osowa ndalama zolipira loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Komabe mlandu umabwera pambuyo pa chipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Bala litsukidwe ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo athamangire kuchipatala kukayamba katemera, poti zizindikiro zikaoneka matendawa sachizika. Galuyo asaphedwe mwaphuma: alangizi a ziweto amamuyang'anira kwa masiku 10, ndipo mwini wake amafunsidwa chiphaso cha katemera.

M'midzi nkhani zambiri zimathera pabwalo la mfumu, pomwe mwini galu amapepesa ndi nkhuku, mbuzi kapena ndalama. Zomwe agwirizanazo ndi bwino zilembedwe pamaso pa mboni, ndipo zitchulenso ndalama za maulendo onse okabayitsa katemera, chifukwa jakisoni wake si wa tsiku limodzi.