Mbale ya Mlendo: Mbiri ya Chidyerano ku Masambanjati

Mukafika m'mudzi wina uliwonse wa ku Masambanjati, kummwera kwa boma la Thyolo, tsiku limene kwagwa zovuta, mudzaona amayi ali pamdipiti kutsetsereka zitunda kulunjika kusiwa. Wina wasenza mbale ya ufa yokulunga m'kansalu, wina mtolo wa nkhuni, winanso ndowa ya madzi. Palibe amene wawalembera kalata yowauza zoti atenge, koma aliyense akudziwa kuti kumeneko sapitako chimanjamanja. Mwambo umenewu ndi mphukira ya mwambo wina wakale wotchedwa chidyerano, ndipo mbiri yake ikutiphunzitsa zambiri za chimene munthu ayenera kunyamula akamapita kukadya ndi anzake.

Amang'anja amene anakhala m'dera lino kuyambira kale, pamodzi ndi Alomwe amene anadzawapeza, amatsata mtundu wa kuchikazi. Mudzi unkamangidwa ndi amayi apachibale, ana awo ndi amuna odzakwatira, onse pansi pa mwinimbumba. Mayi aliyense anali ndi nkhokwe yake ndi mafuwa ake, koma chakudya chikapsa sichinkadyedwa m'nyumba. Nsima ndi ndiwo zochokera m'makomo onse zinkasonkhanitsidwa malo amodzi. Abambo ndi anyamata ankadyera pabwalo, pamene amayi, atsikana ndi ana aang'ono ankadyera poduka mphepo kuseri kwa nyumba. Kudyera pamodzi kotereku ndiko kunkatchedwa chidyerano.

Chidyerano chinali ndi malamulo ake, ngakhale sanalembedwe paliponse. Loyamba linali lakuti munthu abweretse chimene ali nacho. Wa nkhuku ankabweretsa nkhuku, wa therere ankabweretsa therere, ndipo nkhwani, chisoso, ngumbi kapena nandolo zinkalandiridwa mofanana. Lachiwiri linali lakuti mbale ikatulidwa pansi ilibenso mwini wake. Kunali kupanda ulemu kufunsa kuti ndiwo zakutizakuti waphika ndani, kapena kukankhira mbale yonona kufupi ndi ana ako. Lachitatu linali lakuti nkhalamba, odwala, ana amasiye ndi mayi amene ali m'chikuta adye osafunsidwa kanthu. Mlendo wapaulendo nayenso ankangoitanidwa kuti asambe m'manja, pakuti akuluakulu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Munthu wodzacheza kwa abale anali wosiyana ndi wapaulendo. Iyeyu ankayenera kunyamula kanthu, kaya nkhuku, dengu la ufa kapena phava la nthochi, ndipo eni khomo sankabweza dengulo lopanda kanthu. Ankaikamo mtedza, nyemba ngakhale maungu awiri, popeza kupatsa n'kuika. Choncho chimene chinkachititsa manyazi sichinali kuchepa kwa mphatso. Manyazi anali pa umbombo: kupha nkhuku n'kuidyera m'nyumba chitseko chili chotseka, kenaka n'kutulukira pabwalo ndi mbale ya masamba.

Tisanamizane kuti zonse zinali zokoma. Ndili mwana ndinaona ndekha kuti nthuli zazikulu zinkapita kubwalo kwa abambo, pamene amayi amene anatopa ndi kusinja ndi kuphika ankatsalira msuzi. Komabe mwana wa mayi wosauka sankagona ndi njala pamene khomo loyandikana nalo lafuka utsi.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi minda ya Azungu. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ambiri a iwo anapeza malo okhala m'minda ya atsamunda, ndipo malipiro a malowo anali thangata, ndiko kugwirira ntchito mwini munda. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Thyolo cha m'ma 1908, ndipo minda ina monga Satemwa, imene inatsegulidwa mu 1923, inakuza ulimiwu. Anthu ogwira ntchito ankakhala m'makomboni, mmene munthu woyandikana naye sanali mbale wake, mwinanso wa chilankhulo china. Chakudya chawo chinali phoso, ufa ndi nyemba zoyezedwa pa muyeso, zowerengeredwa munthu mmodzi. Apa m'pamene anthu anayamba kuzolowera kuti chakudya chili ndi muyeso ndiponso mtengo.

Ngakhale zinali choncho, chidyerano sichinafe m'makomboni, koma chinangosintha maziko. Ubale wa magazi unalowedwa m'malo ndi ubale wa ntchito. Nthawi yopuma ikakwana, othyola tiyi ankakhala pamthunzi n'kumasula timaphukusi tawo: wina chinangwa chophika, wina makaka, wina mbatata, winanso kalongonda, nyemba zija Alomwe amadziwa kuziphika nthawi yaitali mpaka ululu wake utatha. Amene lero analibe kanthu ankadya nawo, podziwa kuti lende n'kukankhana. Koma amene ankangotambasula dzanja masiku onse, malipiro atalandiridwa, ankapeza kuti anzake asamukira pamthunzi wina.

Mayeso aakulu a mwambowu anali njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo cha kummwera. Agogo anga aakazi ankasimba kuti poyamba mbale zobwera pabwalo zinangochepa, kenaka zinayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo potsiriza anthu anayamba kuphika usiku kuti utsi usaoneke. Iwo ankati chimene chinawapweteka koposa njalayo chinali kumva mwana wa mchemwali wawo akulira panja, iwo ali chete m'nyumba ndi kaphala kosakwanira ana awo omwe. Mvula itabwerera anthu anayambanso kudyera pamodzi, koma chikhulupiriro chija chinali chitang'aluka ngati mphika wogwa pamwala. Kuchepa kwa malo olima kunawonjezera vutoli. Mkwiyo wa anthu pa nkhani ya malo ndi thangata unaphulika m'zipolowe za ku Thyolo mu 1953, ndipo ngakhale thangata linathetsedwa mu 1962, minda ya tiyi inatsala pomwepo pamene anthu ankachulukirachulukira m'zitunda. Nkhokwe ikachepa, dzanja nalonso limafupika.

Mipingo inathandiza kusunga mwambowu, ndiponso inauwonjezera lamulo latsopano. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, imene a Seventh-day Adventist anayamba mu 1902, inazoloweretsa anthu misonkhano ya misasa, kumene banja lililonse limanyamula ufa, ndiwo ndi nkhuni zake, koma pakudya limagawana ndi ochokera kutali. Amayi a Mvano a mpingo wa CCAP ndi Akatolika m'miphakati yawo nawonso amasonkha ufa, sopo ndi nkhuni pokaona odwala ndi ofedwa. Popeza m'mudzi umodzi munayamba kupezeka anthu a zipembedzo zosiyana, wobweretsa chakudya anayenera kuganizira amene akadye. Sikunali kwanzeru kutula nyama ya nkhumba pamene pali a Sabata kapena Asilamu, ngakhale kusenzera mowa kumsonkhano wa anthu osamwa. Thobwa ndilo linakhala chakumwa chogwirizanitsa onse, ndipo mpaka lero m'malo ambiri mbuzi ya pamwambo amaipereka kwa Msilamu kuti azinge, n'cholinga choti pasakhale wotsalira.

Kwa zaka zambiri mphatso ya munthu wa ku Masambanjati inali nthochi. Dera lino linkatumiza nthochi zochuluka ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo ngakhale wosaukitsitsa sankasowa phava loti anyamule pokacheza. Matenda a chisaka atawononga nthochi za ku Thyolo m'zaka za pambuyo pa 2000, mphatso yongodula kuseri kwa nyumba ija inasowa. M'malo mwake munalowa shuga, mafuta ophikira ndi sopo, zinthu zofuna ndalama. Kuyambira pamenepo ambiri anayamba kuyeza ulemu wa mlendo poona chimene wagula kusitolo.

Masiku ano pamaliro pamakhala kope lolembamo mayina a osonkha ufa ndi chipepeso, ndipo m'midzi yambiri anyakwawa amanena mlingo woti khomo lililonse lipereke. Paukwati pali perekaniperekani, pamene ndalama zimaponyedwa anthu onse akuona. Kope lili ndi ubwino wake, chifukwa midzi yakula ndipo alipo ena ofuna kuthandizidwa pamene iwo safika pamavuto a anzawo. Koma lili ndi ngozi yakenso. Tsiku lina paphwando lotsazikana ndi mnzathu wopuma pantchito, tinapangana kuti aliyense abwere ndi chakudya. Mayi wina wamasiye anafika ndi kambale ka nkhwani wotendera, pamene ena anabweretsa mpunga ndi nkhuku. Wolandira zakudya anayang'ana kambaleko n'kukaika pansi pa tebulo. Mayiyo sananene kanthu, koma pamaphwando otsatira sitinamuonenso. Tinapindula mbale za mpunga, n'kutaya munthu.

Katswiri wa mbiri yakale, Elias Mandala, analemba buku lotchedwa The End of Chidyerano, limene linatuluka mu 2005, lofotokoza za chakudya ndi moyo wa anthu a m'chigwa cha Shire. Mutu wa bukulo ukunena za kutha kwa chidyerano, ndipo n'zoona kuti kudyera pamodzi kwa tsiku ndi tsiku kwazilala m'midzi yambiri. Koma muzu wake ukadali moyo. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola minda ku Thyolo, Mulanje ndi maboma ena a kummwera mu Malichi 2023, anthu amene anapulumutsa kanthu ankapita kusukulu ndi kumatchalitchi kumene anzawo anathawira, atanyamula ufa, zovala ndi ziwiya. Pamenepo panalibe wofunsa kukula kwa mbale.

Tsono inu achinyamata amene mudzaitana ndi kuitanidwa m'midzi ndi m'mizinda, mbiri imeneyi ikusiyirani udindo wa mbali ziwiri. Mukaitanidwa, nyamulani chimene mungathe mosabisa ndi mosadzionetsera, muganizire amene akadye nanu, ndipo musalowe m'ngongole pofuna kuti akutameni. Mukakhala oitana, landirani mbale iliyonse ndi manja awiri, muiike pamodzi ndi zinzake, ndipo amene wafika wopanda kanthu chifukwa cha kusowa mumupatse madzi osamba m'manja monga ena onse. Makolo athu ankadziwa kuti nkhokwe imene yadzaza chaka chino ikhoza kukhala yopanda kanthu chaka chamawa. N'chifukwa chake ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.