MBALI YOBISIKA NDI CIYAMBI CA KULEMERA

Inu amene mugwira nchito pansi pa mgodi mudziwa kuti ngolo yodzala ndi miyala ya mkuwa ikana kusuntha poikankha, ndipo ikayamba kuyenda ibvuta kuiimitsa. Kodi kulemera kumeneku kucokera kuti? Pofuna yankho, anthu anzeru anatsata njira ziwiri.

Njira yoyamba anailambula Theodor Kaluza, mphunzitsi wa masamu wa ku Germany. Cinthu ciri conse ciri ndi utali, kupingasa ndi msinkhu. Albert Einstein anaonjezapo nthawi, mbali zinakwana zinai. M'caka ca 1919 Kaluza analembera Einstein kalata, nati ikakhalapo mbali yacisanu, mphamvu yogwetsa zinthu pansi ndi mphamvu ya magetsi zituruka m'lamulo limodzi. Maganizo acewo anasindikizidwa mu 1921.

Nanga mbaliyo iri kuti? Oskar Klein wa ku Sweden anayankha mu 1926 kuti inapindika mozungulira, ndipo icepa koposa. Waya wa mkuwa pomuona patali ali ngati mzere cabe, koma nyerere ikhoza kumzungulira. Momwemonso kanthu kakamazungulira m'mbali yobisikayo, ife sitiona liwiro lace. Mphamvu yace ioneka kwa ife monga kulemera.

Njira yaciwiri inadza mu 1964. Peter Higgs ku Edinburgh, ndiponso François Englert ndi Robert Brout ku Brussels, anati ciripo cinthu cosaoneka cimene cadzala ponseponse. Tizinthu tocepetsetsa togwirana naco tilemera. Kuunika sikugwirana naco, cifukwa cace kulibe kulemera. Higgs anatinso cinthuco ciri ndi kanthu kacekace kocizindikiritsa.

Zinapita zaka 48. Ku CERN, pafupi ndi Geneva, m'ngalande yozungulira ya makilomita 27, monga mamita 100 pansi pa nthaka, anaombanitsa tizinthu tochedwa maprotoni, ndipo pa 4 July, 2012 analengeza kuti kanthuko kapezeka. Higgs ndi Englert analandira mphotho ya Nobel mu 2013. Brout anali atamwalira mu 2011.

Komatu mlandu sunathe. Pa kulemera kwa mwala, njira ya Higgs ipereka monga gawo limodzi pa 100. Kotsalako kucokera ku mphamvu yomangika m'kati mwa maprotoni ndi manyutroni. Makina omwewo a ku CERN afunafunanso mbali yobisika, koma kufikira lero sanaipeze. Tsono kalata ya Kaluza ikali kulindira yankho.