Anapiye ochedwa ndi mpunga wa Jumbe

Kwathu ku Nkhotakota chisanu chimabwera ndi mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, madambo n'kumaphwa. Kwa abakha akutchire, aja oimba likhweru amene ena amati zipweyo, mayeso ndi amenewa.

Tiwerengere limodzi. Bakhayu amaikira mazira m'udzu nthawi ya dzinja. Amafungatira pafupifupi milungu 4, ndipo mwanapiye amafuna miyezi ngati 2 kuti auluke. Ndiye kuti dzira la mu Januwale limadzauluka mu Epulo, madzi akadali thoo. La mu Epulo limadikira Julayi, chakudya chitachepa, mphepo ikuzizira.

Ine ndimaona kuti vuto la ochedwawa silichokera ku nyengo yokha. Muli mbiri. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kuno n'kumachita malonda a akapolo ndi minyanga. David Livingstone anawaona malondawo atafika mu 1861. Aswahiliwo ndiwo anafalitsa ulimi wa mpunga. Ulamuliro wa a Jumbe unatha m'ma 1890, koma mpunga unatsala, ndipo madambo ambiri anasanduka minda. Lero bakha akabisa ana mumpunga, wabisa m'munda wa munthu. Zikwakwa zikalowa mu Meyi ndi Juni, anapiye a Januwale amakhala atauluka kale. A Epulo amatsala pambalambanda, agalu, akabawi ndi ana a malegeni akuwaona.

Nyanja nayo ili ndi mbiri yake. Kuyambira 1915 mpaka 1935 inatsika kwambiri moti sinkathiranso madzi mu Shire. Mu 1980 inasefukira, mu 2024 inabwerezanso. Chaka cha madzi ambiri, madambo ozungulira Chia amachedwa kuuma, anapiye ochedwa n'kupeza mpata. Chowawa n'chakuti chaka chomwecho ndi chimene anthu a m'mphepete amataya nyumba ndi minda.

Mwera sitingauletse, nyanja sitingailamule. Koma chikwakwa ndi legeni zili m'manja mwathu. Inu amene mukapite kumudzi kukathandiza kukolola, kasiyeni kaudzu ka m'mbali mwa munda, ndipo mukawauze ang'ono anu apachike malegeni mpaka Ogasiti. Mwanapiye wa Epulo akungosowa milungu yochepa chabe.