Mkuwa, mtovu ndi madzi owira: mbiri ya amisiri a rediyeta

Msewu wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, umene anthu amautcha Gorodi, uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo galimoto yonyamula katundu imakwera pamenepo pa giya yoyamba, injini ikubuula, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa. Zimateronso pa Chiweta, pa Khwekhwelere pochoka ku Golomoti kupita ku Dedza, ndi pa Thabwa pochoka ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40. Zitunda zimenezi ndizo zakhala zikuyesa marediyeta a Land Rover ndi Land Cruiser kwa zaka zoposa 60. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutentha kwa mafuta amene injini imawotcha limalowa m'madzi oziziritsa, ndipo rediyeta ikalephera kutaya kutenthako, madzi amawira, gasiketi imapsa, hedi n'kupindika. Mwini galimoto yakale amene rediyeta yake yatha amapita lero kwa ogulitsa masipeya ku Biwi kapena ku Ndirande n'kupeza zonyezimira zambiri, zina zotsika mtengo modabwitsa, n'kumafunsa kuti yodalirika ndi iti. Mbiri ya chipangizochi, pamodzi ndi ya amisiri ochikonza, imayankha kuti rediyeta yodalirika ndi imene manja opezeka kumene galimotoyo imagwira ntchito angathe kuitsegula, kuitsuka ndi kuimatanso.

Galimoto imene Karl Benz anailembetsa mu 1886 inalibe rediyeta monga tikuidziwira ife. Madzi ankangowira n'kutuluka nthunzi, woyendetsa n'kumathira ena panjira. Amene anathetsa vutoli ndi Wilhelm Maybach, yemwe anaika pa Mercedes ya mu 1901 rediyeta yooneka ngati chisa cha njuchi, ya timapaipi toposa 8,000 tomatidwa pamodzi, mwakuti madzi omwewo ankazungulira osatha msanga. Ford Model T, imene inayamba kupangidwa mu 1908, inayenda zaka zambiri yopanda pampu ya madzi: madzi otentha ankakwera okha kupita pamwamba pa rediyeta, ozizira n'kutsikira ku injini. Pambuyo pake pampu inafala, ndipo panabweranso femositati ndi chitsekero chosunga pulesha. Koma pa kusintha konseku zipangizo zomangira sizinasinthe kwa zaka pafupifupi 70. Timasamba topyapyala totaya kutentha tinali ta mkuwa, timapaipi ndi mathanki zinali za bulasi, amene ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo zonse zinkamatidwa ndi mtovu wosakaniza ndi tini. Mtovu umenewu umasungunuka pa madigiri osafika 300, pamene mkuwa susungunuka mpaka kupitirira 1,000. Choncho chinthu chimene fakitale yamata, munthu wa kamoto kochepa angathe kuchimatula osawononga mkuwawo. Ntchito ya amisiri a rediyeta inabadwira pa kusiyana kumeneku, ndipo luso lake ndi pachibale ndi la okhoma zidebe ndi ndowa, amene ankadziwa kale kugwira chitsulo chamoto ndi mtovu.

Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 Epulo 1948. Kampani ya Rover ya ku Solihull inapanga thupi lake ndi aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosowa nkhondo itangotha, koma rediyeta inakhalabe ya mkuwa. Mkuwawo sunali wachilendo kwa ife. Migodi ya Roan Antelope ku Luanshya, Nkana ku Kitwe ndi Mufulira inayamba kutulutsa mkuwa pakati pa 1931 ndi 1933, gawo lalikulu la mkuwa umene mafakitale a ku Britain ankagwiritsa ntchito linkachokera ku Northern Rhodesia, ndipo amuna ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, anakhetsera thukuta m'migodi imeneyo. Galimotoyo itafika kuno inakhala miyendo ya boma, apolisi, zipatala za mishoni ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo ufulu utabwera mu 1964, magalaja a boma monga a PVHO anaphunzitsa amakaniko ambiri pa injini yake ya malita 2.25, imene inayamba mu 1958. Toyota nayo inatcha galimoto yake Land Cruiser mu 1954, n'kutulutsa mtundu wa 40 mu 1960 ndi wa 70 mu 1984. Magalimoto onsewa, kufikira zaka zimenezo, ankabwera ndi rediyeta yoti mmisiri angathe kuigawa zidutswa patebulo.

Ntchito ya mmisiriyo ndi yoyenera kuifotokoza bwino, chifukwa ambiri amaiona ngati kumata tizibowo basi. Rediyeta kuno imafa m'njira ziwiri, kunja ndi m'kati. Kunja imatsekeka ndi njere za tsekera ndi udzu wina, matope a nthawi ya dzinja ndi tizilombo, mwakuti mphepo simadutsanso. M'kati imaphedwa ndi madzi. Woyendetsa amene galimoto yake yawira pakati pa ulendo amathira madzi amene wawapeza, a pa mjigo kapena a mumtsinje, ndipo madzi a m'mijigo yambiri, makamaka m'chigwa cha Shire, ali ndi mchere. Mcherewo umakhuthala m'timapaipi monga umachitira pansi pa ketulo. Onjezani pamenepo sopo, dzira kapena ufa zimene anthu amathira pofuna kutseka podontha kuti akafike, ndiye kuti pakatha zaka zingapo theka la timapaipi tagontha. Mmisiri amasungunula mtovu wozungulira thanki ya pamwamba, n'kuichotsa, n'kulowetsa kachitsulo kaphanthiphanthi m'kapaipi kalikonse mpaka madzi atadutsa bwino. Kapaipi kobooka amakamata, kowonongeka kwambiri amakatseka mbali zonse ziwiri. Ngati chisa chonse chavunda, chimene amakaniko amachitcha core, amachichotsa n'kuika chatsopano pakati pa mathanki akale aja, ndipo rediyeta imabwerera m'malo mwake mabauti onse akulowa bwinobwino. Kufunika kwa luso limeneli kunaoneka poyera m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wa Malawi n'kumazungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam pa mtengo wokwera. Sipeya yatsopano inali ya kudikira, ndipo ambulansi ya kumudzi inkabwerera pamsewu chifukwa cha munthu wa mtovu ndi moto.

Kusintha kunachokera kutali ndi ife, ndipo pa zifukwa zimene sizinali zathu. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, opanga magalimoto ku Ulaya, ku Japan ndi ku America anayamba kuchepetsa kulemera kwa chilichonse. Aluminiyamu ndi wopepuka katatu kuyerekeza ndi mkuwa, komanso wotsika mtengo. Kampani ya Alcan ya ku Canada itatulukira njira ya Nocolok yomatira aluminiyamu mu uvuni wa fakitale, njira inatseguka, ndipo pofika m'ma 1990 magalimoto ambiri atsopano ankatuluka ndi chisa cha aluminiyamu ndi mathanki a pulasitiki ya nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi, opanikizidwa pa labala ndi timano topindidwa. Rediyeta yotereyi anaipangira dziko limene malipiro a mmisiri ndi okwera kuposa mtengo wa sipeya, kumene yatsopano imafika tsiku lotsatira: ikatha, amataya. Inafika kuno yambiri pamene malonda anamasuka pambuyo pa 1994 ndipo magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan anayamba kulowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Mmisiri amene anakulira pa mkuwa anapezeka ali ndi chinthu chimene moto wake sungachithandize. Pulasitiki ikakalamba ndi kutentha imasanduka yofiirira, imauma, n'kung'ambika pakhosi pamene paipi ya pamwamba imalowa. Guluu amagwira masiku ochepa. Timano tija tikawongoledwa n'kupindidwanso kawiri, timathyoka. Achinyamata anasiya kuphunzira ntchitoyi, ndipo marediyeta ambiri a mkuwa, amene akanatha kukonzedwa, anagulitsidwa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Kumeneku kunali kutaya chuma, chifukwa mathanki a bulasi a Land Rover ya Series III kapena Land Cruiser 40 ndiwo mbali yovuta kuipezanso.

Wina anganene kuti uku n'kukonda zakale chabe, popeza rediyeta ya aluminiyamu imaziziritsa bwino kuposa ya mkuwa. Mawu amenewa ali ndi choonadi ndipo sayenera kupeputsidwa. Mkuwa woyera umatulutsa kutentha pafupifupi kawiri kuposa aluminiyamu, koma timapaipi timene madzi amadutsamo ndi ta bulasi, amene amachepera aluminiyamu pa ntchitoyi, ndipo mtovu wolumikiza kapaipi ndi tsamba ndi wofooka koposa. Aluminiyamu amalolanso kupanga timapaipi totakata, mwakuti mizere iwiri imagwira ntchito ya mizere itatu kapena inayi ya bulasi. Zonsezi n'zoona pa tsiku limene rediyeta yatuluka m'katoni. Koma Land Cruiser yonyamula odwala ku Nsanje kapena matumba a feteleza ku Mzimba siyesedwa pa tsiku limenelo. Imayesedwa m'chaka chachitatu, itamwa madzi a pa mjigo kambirimbiri, itagwedezeka pa msewu wa malata, fani itakhula chisa powoloka mtsinje. Aluminiyamu salola madzi opanda kulanti, mankhwala othira m'madzi oziziritsa: amadyeka m'kati mwakachetechete mpaka kuboola timabowo tonga ta singano. Ndiponso injini zakalezi anazipanga kuti ziziziziritsidwa ndi rediyeta ya mkuwa yomweyo, ndipo inkakwanitsa. Galimoto imene inakwera Chiweta zaka 20 osawira, ikayamba kuwira lero, ndiye kuti rediyeta yake yatsekeka kapena china chafa. Mtundu wa chitsulo sunasinthe.

Pali chotsutsa china cholemera kuposa chimenechi. Mkuwa nawo umatha: timasamba take timavunda n'kumafumbutuka ukatikhudza, ndipo mtovu umatopa ndi kugwedezeka n'kuyamba kudontha m'mphepete mwa thanki. Kuika chisa chatsopano cha mkuwa nthawi zambiri kumadya ndalama zambiri kuposa kugula rediyeta yathunthu ya aluminiyamu yopanda dzina, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choposa zonse, mtovu ndi poizoni, ndipo mmisiri wougwira tsiku ndi tsiku n'kudya osasamba m'manja amawononga magazi ndi ubongo wake pang'onopang'ono, ngakhalenso za ana amene amasewera pamalopo. Nkhani ya mtovuyi ndi yofuna kuikonza ndithu, ndipo njira yake ilipo: kugwirira ntchito pamalo odutsa mphepo, kusamba, ndi kugwiritsa ntchito zomatira za tini zopanda mtovu. Za mtengo, kuwerengera koyenera ndi kwa hedi ya injini ya 1HZ kapena 200Tdi imene ingapindike thanki ya pulasitiki yotchipa ikaphulika pachitunda, pamodzi ndi kukoka galimoto kuchokera kuthengo. Ena amathawira ku marediyeta a aluminiyamu yekhayekha, owotcherera mathanki, amene amagulitsidwa pa intaneti. Abwino alipo. Koma aluminiyamu wowotcherera akamangidwa molimba pa galimoto imene chesisi yake imapotoka m'maenje, amang'ambika pa msoko, ndipo kuukonza kumafuna makina a argon ndi magetsi odalirika, zinthu zimene sizipezeka pa boma lililonse. Kuchuluka kwa mizere nakonso kumapusitsa ogula: chisa chonenepa kwambiri chimatsekereza mphepo pamene galimoto ikukwawa pa giya yaing'ono, nthawi yeniyeni imene mphepoyo ikufunika.

Mfundo imeneyi ili ndi malire ake. Magalimoto amene anabadwa ndi aluminiyamu ndi pulasitiki, monga Defender ya injini ya Td5 imene inayamba mu 1998 kapena Land Cruiser 100 ya chaka chomwecho, nawonso akalamba tsopano, ndipo eni ake alibe mathanki a bulasi oti awasunge. Kwa iwo chanzeru ndi kufuna rediyeta ya kampani imene imapangira fakitale, monga Denso, yomwe inapatuka ku Toyota mu 1949 ikupanga kale marediyeta, kuonetsetsa kuti nambala ikugwirizana ndi injini ndi giyabokosi, popeza ya otomatiki imakhala ndi kapaipi koziziritsa oyilo m'kati mwa thanki, kuisintha pulasitiki ikangoyamba kufiira, ndi kusathiramo madzi opanda kulanti. Ndipo kaya ya mkuwa kaya ya aluminiyamu, rediyeta kawirikawiri imaimbidwa mlandu wa zinzake. Chizolowezi chochotsa femositati poganiza kuti dziko lotentha siliifuna chinafala m'magalaja athu, koma chimachititsa injini kuchedwa kufunda, ndipo pa injini zina madzi amangozungulira njira yachidule osafika onse ku rediyeta. Chitsekero ndi chinthu chaching'ono, komabe ngati mphira yake sinathe ndicho chimakweza malire owirira madzi kufika pafupi ndi madigiri 120. Popanda icho, madzi amawira pa madigiri 100 kugombe la nyanja yamchere, pafupifupi 96 ku Lilongwe, ndi pafupifupi 93 pamwamba pa Nyika, chifupi kwambiri ndi kutentha kumene injini ya dizilo yonyamula katundu imagwirira ntchito. N'chifukwa chake amisiri akale asanabweze rediyeta kwa mwini wake ankafunsa kaye za chitsekero, fani ndi lamba wake, kenako n'kutseka makomo onse a rediyetayo, kuipopera mpweya, ndi kuimiza yonse m'mgolo wa madzi mwiniyo akuona, kuti ngati pali kathovu kotuluka pa msoko uliwonse aone limodzi.