Mafunso ndi Mayankho: Ndani anayamba kuika nyanja yathu pamapu?

FUNSO: Ndikakwera phiri la Ntchisi kunja kutayera bwino, ndimaona nyanja ili mbee cha ku Nkhotakota. Kusukulu tinaphunzira kuti anaitulukira ndi David Livingstone. Kodi iyeyu asanabwere panalibe woidziwa? (Wowerenga wa kwa Malomo, Ntchisi)

YANKHO: Aphunzitsi anu musawaimbe mlandu, ananena zomwe anapeza m'buku. Wolakwa ndi bukulo. Livingstone anafika kunyanjaku mu Sepitembala 1859 motsata mtsinje wa Shire, ndipo anapeza asodzi ali pantchito, mabwato akuwoloka, amalonda a minyanga ndi akapolo akudutsa. Mu 1863, pochoka kwa Jumbe ku Nkhotakota kukwera kumtunda cha ku Kasungu, anayenda m'njira yomwe mapazi a anthu ena anali ataipala kale. Za makolo anu, omwe ankaiona nyanjayi ali paphiri lomwelo, sindichulutsa gaga m'diwa.

Ngakhale pakati pa azungu anzake sanali woyamba kumva za nyanjayi. Zolemba za ulendo wa Mpwitikizi Gaspar Bocarro, amene anachoka ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616, zimatchula nyanja yaikulu. Mapu ena ojambulidwa ku France m'zaka za m'ma 1700 ali ndi nyanja yotchedwa Maravi. Koma mboni yomwe imandisangalatsa ndi Livingstone mwini wake. Ali ku Tete mu 1856 anacheza ndi Candido da Costa Cardoso, yemwe anamuuza kuti anafikako kunyanja ya Maravi, ndipo nkhaniyi anailemba m'buku lake la 1857. Atadzaiona yekha nyanjayo, anatembenuza lilime n'kuyamba kunena kuti Candido sanafikeko. Ena amati kunali kusamala pa za sayansi. Ine ndimati inali nsanje.

Tsopano ndiloleni ndikuuzeni za mapu omwe ndimawakonda kuposa onse, mapu olakwika kwambiri, amene a ku London anawapatsa dzina loti nkhono.

Cha m'ma 1854 mmishonale wa ku Germany, Jakob Erhardt, anali m'mphepete mwa nyanja yamchere cha ku Tanga. Sanalowe mkati mwa Africa. Ntchito yake inali kufunsa amalonda achiswahili obwera kuchokera kumtunda kuti mwayenda masiku angati, nanga mwaona chiyani. Oyenda njira yakumpoto anati tinafika pamadzi aakulu osaoneka tsidya lake. Oyenda njira yapakati, yopita ku Ujiji, ananenanso chimodzimodzi. Ochokera ku Kilwa kudzera njira yakumwera, nawonso madzi aakulu. Erhardt ndi mnzake Johannes Rebmann anawonkhetsa nkhanizi n'kupeza yankho lomveka bwino koma labodza, loti onsewa akunena nyanja imodzi. Choncho mu 1855 anajambula chinyanja chimodzi chotchedwa Uniamesi, chomeza nyanja zitatu zomwe lero timati Victoria, Tanganyika ndi Malawi. Thupi lake linali lonenepa kumpoto, kenako n'kupindika kumwera ndi kamchira kolozera kum'mawa, ndendende nkhono yopanda chigoba ikukwawa papepala. Kamchirako ndiye nyanja yanu ija.

Musafulumire kuwaseka. Amalondawo sananame ngakhale pang'ono, aliyense ananena zomwe anaona, ndipo kunalidi madzi kumapeto kwa njira iliyonse. Analakwitsa ndi wogwira pensulo. Komanso Rebmann anali atasekedwapo kale pa chinthu choona. Mu 1848 ananena kuti waona chipale chofewa pamwamba pa phiri la Kilimanjaro, ndipo William Cooley, katswiri wolemba za Africa ali pampando ku London, anati n'zosatheka. Akatswiri amtundu umenewu sanathe, masiku ano amapezeka pa Facebook.

Pali munthu wina amene mabuku asukulu samutchula. Mu 1853, pamishoni ya pafupi ndi Mombasa, Rebmann anakumana ndi Salimini, munthu wakwathu kuno amene anagwidwa ukapolo. Anati kwawo ndi ku Mphande, ulendo wa masiku awiri kumadzulo kwa nyanja, ndipo ofufuza amati ndi cha kuchigawo cha Lilongwe. Wakumtunda ngati inu. Kuchokera pakamwa pa Salimini, Rebmann analemba dikishonale ya chilankhulo chathu, yomwe inasindikizidwa mu 1877. Ndiye kuti zaka zisanu ndi chimodzi Livingstone asanaione nyanja, munthu woidziwa anali akuphunzitsa mzungu Chichewa ku Kenya.

Nkhono ija itafika ku London, a bungwe la Royal Geographical Society mitima inadumpha, n'kutumiza Richard Burton ndi John Speke kuti akaione. Mu 1858 anafika pa Tanganyika, ndipo chaka chomwecho Speke anaona Victoria n'kulengeza kuti ndiye gwero la mtsinje wa Nile. Pambuyo pa oyendera malo panabwera amishoni, kenako mbendera. Pomwe A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la Chiwere mu 1889, Angerezi ndi Apwitikizi anali akukanganirana dera la Shire ndi nyanja. Angerezi ankaloza maulendo a Livingstone ndi mishoni za ku Scotland, Apwitikizi ankaloza maulendo awo akalekale. Anapambana ndi mwini zombo zankhondo zambiri, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain. Mwaona tsopano chifukwa chake Candido sanalowe m'buku la aphunzitsi anu.

FUNSO: Ndinamva kuti Livingstone ankayenda ndi katswiri wojambula zithunzi. Bwanji sitiona zithunzi zake za mapiri athu? (Wowerenga wa ku Mponela, Dowa)

YANKHO: Chifukwa cha shuga. Katswiriyo anali Thomas Baines, yemwe ankasunganso katundu wa gululo ku Tete. Anamunena kuti waba shuga ndi katundu wina, ndipo mu 1859 Livingstone anamuchotsa ntchito asanamve mbali yake bwinobwino. Baines anakana mlanduwo mpaka imfa yake ku Durban mu 1875. Kunyanja kuno sanafike. Anakajambula mathithi a Victoria mu 1862, zithunzizo n'kutuluka m'buku mu 1865, ndipo zinathandiza kuti mathithiwo atchuke ku Ulaya. Ine sindikhulupirira kuti anaba.

Mukafuna zojambula zakale za chigawo chapakati, kwerani basi ya ku Dedza. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Mukatenge wokulondolerani njira, mapanga ena ndi obisika.