Munda wa Anthu Othamangitsidwa

Liwu loti paradaiso linachokera ku Perisiya, kumene linkangotanthauza munda wa mpanda. Ayuda amati "pardes". Atathamangitsidwa ku Spain mu 1492, ena anakakhazikika ku Safed, ku Galileya. Kumeneko, mu 1548, Moses Cordovero analemba buku la ziphunzitso zobisika za Kabbalah, nalitcha Pardes Rimonim, Munda wa Makangaza.

Kwa iwowa, abale, mundawo sunali wongodikira akufa ayi. Unkaimira Shekhinah, kukhalapo kwa Mulungu pakati pa anthu, yemwe ankamuyerekeza ndi mkwatibwi wolekanitsidwa ndi mfumu, wotsatira anthu ake kuchilendo. Mtchona ndithu!

Nawo ofuna kusandutsa mtovu kukhala golide anali ndi wawo munda: Rosarium Philosophorum, losindikizidwa ku Frankfurt mu 1550. M'zithunzi zake mfumu ndi mfumukazi amakumana, kufa, n'kuukanso.