Khrisimasi ndi Pasaka m'Mbiri ya Mishoni ya Lifidzi

Aliyense wowerenga mbiri ya mishoni ya Lifidzi adzaona kuti mpingo wathu unakhala wamasiye kangapo konse. M'zaka zowawa zimenezo ndi m'mene makolo athu anamvetsa bwino tanthauzo la kubadwa kwa Ambuye ndi la kuuka kwawo.

Ansembe a chipani cha Ayezuiti anatsegula mishoni imeneyi m'chaka cha 1909. Chaka chotsatira ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linalamula kuti Ayezuiti achoke m'maiko onse olamulidwa ndi Apwitikizi. M'malo mwawo munalowa ansembe achijeremani a chipani cha Mau a Mulungu, koma iwonso anachotsedwa mu 1916, Portugal atalowa nkhondo yolimbana ndi Germany. Ayezuiti anadzabweranso mu 1941, pambuyo pa pangano la 1940 la pakati pa Portugal ndi Apapa. M'nyengo yonseyo, pamene ansembe anali ochepa, aphunzitsi a m'midzi ndiwo ankasonkhanitsa anthu, kuphunzitsa katekisimu ndi kutsogolera mapemphero a masiku aakulu.

Dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975, boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishonale ambiri anapita kwawo. Mu 1977 msonkhano waukulu wa Mpingo unachitika ku Beira, numanga mfundo yakuti akhristu eni ake asenze maudindo m'magulu ang'onoang'ono a m'midzi. Nzeru imeneyi ndiyo inatisunga nkhondo yapachiweniweni itafika kuno ku Angónia. Pa 30 October 1985 Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dziko lino, pamodzi ndi Bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku naphedwa ku Chapotera. Mabanja osawerengeka anathawira ku Malawi, m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, atasiya chimanga m'nkhokwe ndi ng'ombe m'khola.

Kumeneko nkhani ya Khrisimasi inamveka mwatsopano. Mwana amene timamupembedza anabadwira m'khola chifukwa malo anasowa m'nyumba ya alendo, ndipo Yosefe anamunyamula usiku pamodzi ndi amake kuthawira ku Ejipito poopa lupanga la Herode. Mai woyamwitsa mwana m'kachisakasa pa dziko la eni sanasowe womumasulira uthenga umenewu. Anadziwa kuti Mulungu anayamba waiyendapo njira yomweyo.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira anthu anabwerera. Anapeza minda itasanduka thengo, nyumba zitagwa, ndipo ena mpaka lero sadziwa pamene panagona abale awo. Chovuta koposa chinali chakuti wogwira mfuti ndi woferedwa anayenera kutunganso madzi pa chitsime chimodzi. Apa ndi pamene Pasaka inatiphunzitsa. Yesu atauka, mabala a misomali sanafafanizike. Anawaonetsa kwa Tomasi. Petulo, amene anamukana katatu, sanapirikitsidwe, koma anapatsidwa nkhosa kuti aziwete. Choncho chikhulupiriro chathu sichitiuza kuti tiiwale zimene zinachitika. Chimatiuza kuti munthu wosweka mtima, ngakhale wochimwa kwambiri, angathe kuimikidwanso ndi kupatsidwa ntchito mu mpingo.

Pakati pathu alipobe amasiye a nkhondo ija, ndiponso ena amene amaima kunja kwa tchalitchi chifukwa cha manyazi a zimene anachita kapena zimene anachitidwa. Tisanayatse kandulo wa Pasaka ndi kukonza khola la Mwana Yesu, atsogoleri a miphakati awayendere anthu otere m'makomo mwawo ndi kuwaitana. Ambuye amene anasunga makolo athu m'zaka za umasiye atipatse mphamvu yochita zimenezi.